Jejum pa Pepala la Achimwene

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene anasunga achimwene anga pamene ife owakonda tinatsala pang'ono kuwataya.

Chaka chimenecho anagonekedwa milungu iwiri m'chipatala chachikulu kumzinda, atawapeza ndi matenda a shuga. Ine ndinatsala kuno kumapiri ndikukumba kachewere. Amene anawadikirira ndi akazi awo, alamu anga. Tsiku lotuluka anapatsidwa mankhwala ndi pepala la Chipwitikizi, n'kuuzidwa kuti bedi likufunika kwa wina. Anathamangira shapa, minibasi ya ku Ulongwe, osafunsa kanthu.

Ine sindinakondwe nazo. Munthu wolephera kuvala yekha nsapato amamtulutsa bwanji? Kwathu kuno wodwala akabwezedwa msanga timati madokotala asamba m'manja. Pepalalo ndinalitembenuza kawiri, koma sukulu ndinaphunzira ku Malawi pothawa nkhondo, ndipo Chipwitikizi cha dzanja la dokotala chinandikana.

Patapita masiku atatu ndinaona china. M'mawa alamu ankawapatsa mankhwala ndi madzi okha. Masana moto osakoleza. Chakudya chinkabwera dzuwa litapendeka, nachonso chochepa. Ndinawatengera phala la mgaiwa, alamu n'kundiimitsa pakhomo.

"Alamu, bwererani nalo. Nthawi sinakwane."

"Nthawi yanji? Amuna anu akunjenjemera ngati bango!"

"Inu kuchipatala kunalibe. Zimene analemba ndikuzidziwa ndine."

Ndinabwerera ndi phala langa, mtima ukutola zoipa. Ndinakumbukira dimba la kudambo limene iwo ankafuna ligulitsidwe, achimwene n'kukana. Ndinakumbukiranso kuti alongo awo a alamuwo anabwera kawiri mwezi umenewo. Lamulungu m'tchalitchi ndinagwada kumbuyo kwa alamu, maso ali pakhosi pawo m'malo mwa paguwa. Ndinapempha Ambuye kuti aulule zobisika, koma ndinali nditawasankhira kale choti aulule.

Lachiwiri m'mawa achimwene anagwa pakhonde, thukuta lili kamukamu, osatizindikira. Mnansi anawanyamula pa njinga yamoto kupita ku posito, kachipatala kathu kapafupi, ife tikutsatira. Namwino anawabaya chala, n'kuwathira mankhwala mumtsempha mwachangu. Atatsitsimuka, namwinoyo anafunsa kuti anadya liti. Ine ndinaloza alamu.

"Afunseni awa. Ndiwo akuwamana."

Alamu anamasula pepala lija pa nsonga ya chitenje, naika chala pa liwu limodzi.

"Apa alemba jejum. Si kusala kudya kumeneku? Pa Kwarezima, Pasaka asanafike, ansembe amatchula liwu lomweli. Ndinati madokotala aona kuti matenda awa sachoka popanda kusala. Inenso ndikusala nawo, lero tsiku lachisanu ndi chitatu."

Apo m'pamene ndinaona kuti milomo yawo yang'aluka, ndiponso kuti chitenje chawakulira.

Namwino anagwira pakamwa. "Mayi, apa akuti pakatha milungu iwiri adzabwere kudzayezetsa magazi asanadye kanthu. M'mawa umodzi wokha basi! Mankhwala awa munthu akamamwa osadya amatha kufa nawo. Palibe anakufotokozerani?"

Panalibe. Ngakhale ku positoko sankadziwa kuti m'dera lawo mwabwerera wodwala wotere.

Pobwerera ndinagwada pamsewu pomwepo kupepesa alamu. Anangoti, "Dzukani, mudetsa chitenje. Phala lija mukaphikenso."

Kukayika sikunandichoke, kunangosamuka. Tsopano ndimakayikira pepala. Ndikaperekeza wodwala wa mu mphakati wathu, sindinyamula mtolo anamwino asanatiwerengere pepala m'Chinyanja liwu ndi liwu, ine n'kubwereza iwo akumva. Adye liti? Abwere liti? Akayamba kunjenjemera tithamangire kuti? Shapa ikatisiya itisiye. Tikafika kuno timayamba tadzera ku posito kukaonetsa pepalalo, kunyumba pambuyo. Anamwino ena akandiona amati, "Afika amayi a mafunso aja." Ena amandiyankha mokoma, koma ndimabwerezabe.

Ambuye akusungeni inu owerenga potuluka m'chipatala monga anakusungirani polowa. Akupatseni wokufotokozerani woleza mtima ndi pakamwa posaopa kufunsa, ndipo atchinjirize mitima yanu kuti isaweruze wosalakwa. Amen.