Mmene Ndinametera Chitunda cha Apongozi

Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma kuwerenga sindinaleke. Ndinkawerenga nyuzipepala zokulungira nsomba, mapepala a pabotolo la mankhwala a thonje, ngakhale zolembedwa pathumba la feteleza. Nditapeza ntchito yolondera pageti ku esiteti ya nzimbe, kalaliki wina ankandipatsako timabuku ta zaulimi timene analibe nato ntchito. Ndiye mudziwiretu kuti pamene ndinkakwatira kwa Lundu ndinkadziona ngati mlangizi amene boma linangoiwala kumupatsa njinga.

Kwathu ndi kwa Ndamera, kudimba, kumene dothi ndi lakuda ndipo khasu limalowa osagunda mwala. Kumeneko mkazi ndiye amatsata mwamuna, koma ine ndinatsata mkazi, abale anga n'kumandiseka mpaka misozi. Kuchikamwiniko ndinapeza kuti dimba lawo linakwiririka ndi mchenga chaka cha madzi osefukira. Chakudya cha ife awiri ndi apongozi anga aakazi, amene anali amasiye, chinkachokera m'munda umodzi wokha wa mapira, m'munsi mwa chitunda.

Chitundacho chinkandinyansa. Kuzungulira konse kunali udzu wautali, koma icho chinali ngati mutu wa zipere. Mwala wake ndi wotuwa, wosalimba, umang'ambika timapale topyapyala, ndipo ukapondapo umagumuka n'kutsetsereka nawe. Apo ndi apo panali kachitsa ka udzu, kapinga wokwawa, tinkhadze tolekeza m'bondo, ndi timasawu tokwinimbira timene sitinabalepo. Pakati pake panali mwala wokhawokha wootherapo dzuwa abuluzi.

A m'banjamo sankalimapo, sankatenthapo, ndipo mvula ikayamba mbuzi sankazilola kukwera. Chinanso, aliyense akamadutsa ankatola kamwala n'kukaika m'munsi mwa chitsa cha udzu, kenako n'kupitiriza ulendo wake. Ndinafunsa akazi anga chifukwa chake.

"Tinapeza akutero," anandiyankha.

Ine mumtima ndinati izi ndi zamizimu basi. Ndinadabwa nazo, chifukwa apongozi anali mayi wa tchalitchi, a mtundu uja wonyadira kuti makolo awo anafika kuno atasenza katundu wa azungu oyamba kukwera ndi Shire. Koma mkamwini safunsa kawiri.

Kabuku kanga kena kankati malo otsetsereka amafuna mitengo yobzala m'mizere. Mwezi wa Okutobala apongozi ndi akazi anga anapita ku Marka kukadwazika wachibale, ndipo ine ndinati nayi nthawi yoti adziwe kuti anapeza mkamwini. Ndikaweruka kugeti ndinkatenga khasu n'kukwera. Ndinapala zitsa zonse, ndinaunjika, ndinatentha. Timiyala tija ndinatisonkhanitsa mulu umodzi waukulu, wooneka bwino ndithu. Kenako ndinakumba maenje m'mizere, mochita kuyeza ndi chingwe.

Tsiku lachitatu alamu anga, mchimwene wa akazi anga, anaima m'munsi atagwira m'chiuno.

"Alamu, mukufuna golide?"

"Ndikukonza malo."

"Ndani anakuuzani kuti anawonongeka?"

"Buku likuti pamalo ngati pano..."

"Bukulo linakwatira mudzi uno?"

Tinaseka tonse, poti ine ndi alamu kunyozana ndiye moni wathu. Koma iwo kuseka kwawo kunatha msanga. Anati, "Dikirani eni ake abwere." Ine ndinati eni akewo ndiye ndikufuna kuwadabwitsa. Anapukusa mutu n'kumapita, chifukwa munda wa mlongo wako sungaulamulire ngati wako.

Choonadi ndinachiona ndi maso anga, kungoti sichinali chosindikizidwa. Kachitsa kongofanana ndi chibakera kankatuluka ndi muzu wotalika ngati mkono, woloweratu m'ming'alu ya mwala. Kuseri kwa kamwala kalikonse kunali dothi lakuda lodzaza m'manja. Ine ndinkangoti udzu wa kuno ngwamakani.

Apongozi atabwera anaima m'mphepete mwa munda n'kuyang'ana chitunda chawo chili mbee. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pansi. Mwambo wa kuno ndi wakuti mpongozi wamkazi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, ndiye anatembenukira kwa mwana wawo.

"Muwauze bambowo kuti atopa, akapume."

Mvula yoyamba itawaza tinabzala mapira, ine n'kubzala mbande zanga za mitengo ya kesha m'maenje muja.

Mvula yeniyeni inagwa mu Disembala, masana, mapira atafika m'bondo. Sinakhalitse. Tili pakhonde tinamva phokoso ngati munthu akukhuthula dengu la mbale zosweka. Itakata tinathamangira kumunda. Dzenje lililonse limene ndinakumba linali litasanduka chiyambi cha chigwembe, ndipo mbande zanga zinali m'munsi, mizu m'mwamba. Chigawo chonse chakumtunda cha munda chinakwiririka ndi timapale totuwa, mapira akungosuzumira nsonga. Sipanafunike buku kuti ndidziwe kuti mvula ina yotere idzamaliza chotsalacho. Ndinkadziwanso kuti mkamwini wowononga munda amatha kupeza mphasa yake ndi chikwama zili panja.

M'mawa mwake ndinavala malaya abwino, kudikira kuti ankhoswe andiitane. M'malo mwake anafika alamu ndi madengu awiri.

"Mwavalira ukwati wa yani? Vulani, aphunzitsi, tiyeni ku kalasi kwanu."

Tinagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi, anthu anayi. Mulu wanga wokongola uja tinaugumula n'kuyala miyalayo m'mizere yopingasa chitunda. Akazi anga ankazula kapinga m'mbali mwa msewu, alamu ankadula nthambi za nkhadze, ine ndinkasenza dothi la pachulu. Apongozi ankagwira pafupi nane atandifulatira, malangizo onse akudutsira mwa mwana wawo.

"Muwauze mwalawo augoneke, asauimike. Woimika madzi amaukankha."

"Amayi, akumva. Ali pompa."

"Ndikudziwa kuti ali pompo. Muwauze."

Akazi anga ankatembenuka n'kundiuzadi, akudziluma milomo kuti asaseke. Umu ndi mmene ndinaphunzirira kuti kapinga umamukanikiza ndi chidendene mu mng'alu, osati kumukumbira dzenje. Ndinaphunziranso kuti nkhadze uilole iume kaye pachodulapo, ndi kuti udzu wa pamwala pano subzalika, umabwera wokha ukapeza pogwira. Nditafunsa za mizimu, kudzera mwa akazi anga, apongozi anati mzimu wake ndi dothi limene limatsakamira kuseri kwa kamwala.

Mvula yachiwiri inabwera pambuyo pa Khirisimasi. Mizere iwiri inagumuka, ina yonse inagwira. Miyala inalowanso m'munda koma sinapitirire pamene inalekezera poyamba. Chaka chimenecho tinakolola mapira ochepa, nkhokwe sinafike pakati. Amene anatipulumutsa ndi abale anga a kwa Ndamera aja. Achimwene anabwera panjinga ndi chimanga cha kudimba ndi mbatata, ndipo anandiseka pabwalo ponse m'Chisena. Apongozi anawomba m'manja n'kuwathokoza m'chilankhulo chawo chomwe, "Takhuta, takhuta," koma osaseka nawo.

Mlandu sunakambidwe pamaso panga. Patapita zaka, tikumweta udzu wofolera, m'pamene alamu anandiululira kuti unakambidwa. Amalume a akazi anga anabwera sabata yomwe ija n'kunena kuti munthu wotere abwerere kwawo asanatiphe ndi njala. Akuti apongozi anawasiya mpaka anamaliza, kenako anati: "Munthu wapala mwala masabata awiri padzuwa la Okutobala popanda womutuma. Wolakwitsa chonchi tikamuonetsa poyenera adzatisunga. Musiyeni."

Apongozi anatisiya kale, ndipo mawu amenewo sindinawamve kuchokera pakamwa pawo. Chitunda chinatenga zaka zambiri kuti chibwerere, ndipo sichinakongole ayi, koma chinasiya kuyenda. Chigawo chakumtunda chija mpaka lero khasu limalira ukamalima, mapira ake amatuluka ang'onoang'ono, moti tinangoyamba kubzalamo khobwe. M'munsimo ndiye mwalera ana athu anayi. Ine ndikadali pamudzi pompano, ndipo mwana wathu wamkazi wamkulu wayamba kale kulima mbali yake.