Pikapu Imene Amuna Anga Anasiya

Amuna anga atamwalira, abale awo anabwera kudzatenga katundu. Anatenga wailesi, njinga ndi makina osokera, koma pikapu anaisiya pansi pa mtengo wa mango chifukwa tsiku limenelo inakana kulira. Alamu anga aakulu anaizungulira kawiri, n'kumenya tayala ndi phazi, n'kunena kuti chiphapha chimenechi chingowapatsa ntchito.

Inalidi yakale. Kowerengera mtunda kanali katazungulira mpaka kuyambiranso, kenako n'kufa. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Njuli, ndili ndi ana atatu. Matipate anali atangobwera kumene, kwacha ikugwa, zinthu m'sitolo zikukwera mwezi ndi mwezi. Kuyendetsa ndinkatha, chifukwa amuna anga anandiphunzitsa atayamba kudwala. Ndinaganiza zoti Loweruka lililonse ndizinyamula matimati ndi nandolo wa anthu kupita ku Limbe, kuti malipiro a uphunzitsi apeze mnzake.

Koma galimotoyo inkalira pokhapokha anthu akaikankha. Ikalira inkanjenjemera, n'kumatulutsa utsi wakuda, petulo n'kumamwa ngati ili ndi chibowo. Ndinapita nayo ku galaja ina m'tauni. Makaniko anatsegula boneti, n'kundiyang'ana, n'kutchula mtengo. Ndinathokoza, n'kupempha anyamata ake kuti andikankhe.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala bambo ena achikulire, Achiyao, amene pa unyamata wawo anagwira ntchito yokonza mathirakitala ku maesiteti a tiyi. Maso awo onse awiri anali atachita ng'ala, moti munthu ankamuzindikira ndi mawu basi. Madzulo a tsiku lomwelo ndikuimika galimoto, ndinawapeza ataima pa mpanda ndi ndodo yawo.

"Aphunzitsi, galimoto yanuyi ikuyendera miyendo itatu," anatero.

"Matayala onse anayi alipo, bambo."

Anaseka. "Sindikunena matayala. Pulagi imodzi yagona. Ndakhala ndikuimva sabata zitatu tsopano, ikundisowetsa mtendere."

Ndinawafotokozera za ku galaja, n'kuwafunsa ngati angandikonzere. Anati manja alipo koma maso palibe, kasikuluwu kakagwa pansi sangakapeze. "Koma inu maso muli nawo. Mukonza nokha, ine ndizingomvetsera."

Ndinawauza kuti ine sipanala sindinaigwirepo. Anandifunsa ngati choko ndinabadwa nacho.

Anandituma kukagula mapulagi anayi, mapoyinti ndi oyilo, n'kundiuza kuti ndinyamule pulagi yakale kuti asandigulitse zosalingana. Loweruka m'mawa anabwera ndi kathumba ka zipangizo zawo, zokulungidwa mu nsanza yonunkha girisi, n'kukhala pa mpando pafupi ndi tayala lakutsogolo. Ine ndinamanga chitenje chakale, n'kukwera pa njerwa ziwiri kuti ndifikire injini.

Pulagi iliyonse ndikamasula ndinkawapatsa. Ankaikhudza ndi chala kumapeto kwake, n'kuinunkhiza. Itafika yachitatu anati, "Wogona uja ndi ameneyu. Yanyowa petulo." Anandiphunzitsa kumanga yatsopano ndi zala kaye, sipanala pomaliza, osakakamiza. Kenako tinatsegula distiribyuta, kamphika kakuda komwe zingwe za mapulagi zimachokera. Mkati mwake munali mapoyinti, tizitsulo tiwiri totseguka ndi kutsekeka. Choyezera mpata wake analibe, ndiye anang'amba kachikatoni ka bokosi la machesi n'kundipatsa.

"Kazilowa mokhuza mbali zonse, koma osakanirira. Mwamva?"

Ndinayesa kasanu konse. Nthawi iliyonse ndikamanga sikuluwu, mpata unkasuntha. Dzanja linaterereka, ndinadzisupula pa chala, ndipo ndinalankhula mawu amene mphunzitsi sayenera kulankhula. Iwo anangoti makutu awo amamva injini zokha.

Cholakwa chachikulu ndinachita pobwezera zingwe. Anali atandichenjeza kuti ndizichotsa chimodzichimodzi, koma ine pofuna kupukuta bwinobwino ndinazizula zonse. Sindinawauze. Ndinangozibwezera mmene ndinkaganizira. Nditapotokola kiyi, galimoto inaphulika ngati mfuti. Nkhuku zinabalalika, amayi oyandikana nafe anatuluka m'bafa atangofunda chitenje, akufunsa kuti waombedwa ndani.

Bambo aja sanadzidzimuke n'komwe. "Mwasinthanitsa ziwiri," anatero. "Munazula zonse, eti?"

Ndinavomera ngati mwana wa Sitandade 2. Sanandikalipire. Anandiuza kuti ndiwagwire dzanja ndiliike pa distiribyuta, ndipo anatsata chingwe chilichonse ndi zala mpaka ku pulagi yake, akuwerenga mokweza: wani, filii, folo, thuu. Anandibwerezetsa mpaka ndinaloweza.

Ulendo wachiwiri inalira ndi kiyi, popanda woikankha. Ndinafuna kululuta, koma iwo anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Anandilozera sikuluwu ya pa kabuleta, posakanizira petulo ndi mpweya, kuti ndizipotokola pang'onopang'ono. Anaweramitsa mutu, khutu lili ku injini. "Onjezani. Onjezaninso. Bwererani pang'ono. Pomwepo, siyani!" Kunjenjemera kuja kunatha, boneti n'kusiya kugogoda. Utsi wakuda sindinauonenso.

Ndinawatengera nkhuku kunyumba kwawo koma anaikana. Anati amuna anga ankawatenga ulere popita ku Limbe zaka zonse zija, osawafunsa kanthu. Zimenezi ine sindinkazidziwa, ndipo ndinabwerera kwathu nkhuku ili m'khwapa, misozi ikutsika.

Kuyambira pamenepo, miyezi ingapo iliyonse ndinkatsegula boneti ndekha, kusintha oyilo, kupala mapulagi ndi sandipepa, kukutumula fumbi mu sefa ya mpweya. Amuna odutsa pa njinga ankaima n'kumandilangiza zimene sakuzidziwa. Matimati ndinanyamula, nandolo ndinanyamula, ngakhale mbuzi za ku Mikolongwe. Ana anga onse atatu sanabwezedwepo ku sekondale chifukwa cha fizi.

Chaka chotsatira tinamva kuti ku chipatala china ku Blantyre akuchotsa ng'ala. Bambo aja ankaopa mpeni, koma akazi awo ndi ine tinawanyengerera mpaka analola. Ndinawatenga onse awiri pa pikapu yomweyo. Pobwerera, diso limodzi lili lomata bandeji, galimoto inazima pa chitunda china tisanafike ku Njuli. Ndinatembenuka kuti ndimve zimene anene.

"Ine lero ndine wodwala," anatero, n'kupinda manja.

Ndinatsika, n'kuika mwala ku tayala. Petulo analimo. Batire inali bwino. Ndinatsata zingwe ndi zala, chimodzichimodzi, mpaka ndinapeza kawaya kakang'ono ka pa koyilo, yomwe imatumiza moto ku mapulagi, katasololoka ndi mabampu. Ndinakafinya ndi pulayala, n'kukabwezera. Minibasi ina inadutsa, kondakitala akukuwa kuti, "Mayi, itanani amuna!" Ndinapukuta manja pa chitenje, n'kulowa, n'kupotokola kiyi. Inalira.

Tinayenda kamtunda ndithu. Kenako akazi awo anawagunda ndi chigongono, n'kuwafunsa ngati sanena chilichonse.

"Ndinene chiyani?" anatero. "Aphunzitsi, mukafika pa msika muime. Adokotala anati ndizidya zipatso, ndipo akazi angawa agula nthochi za tonse atatu."