Mbewu ya Mbatatesi ya Ababa

Chithunzicho ndinachibisa pansi pa matiresi kwa masabata atatu. Ndine munthu wosasunga mawu m'kamwa, a ku Sanjala komwe ndimakhala amandidziwa, koma ulendo umenewo ndinakhala duu.

Ababa anali mlimi wa mbatatesi ku Chimbonila. Chotupa cha m'khosi mwawo chitakana mankhwala, mchimwene wanga wa ku Joni anawaitanitsa kuti akawaunike ndi makina otchedwa PET, ine nkuwaperekeza. Kumeneko anawaletsa kudya, kenako anawabaya jekeseni wa shuga amene makinawo amamuona m'thupi. Dotolo anandifotokozera kuti khansa ndi yadyera, imathamangira shugayo, ndiye pamene yabisala pamaonekera. Ananyadiranso kuti makina a masiku ano amaona ngakhale kachotupa kochepa ngati nyemba. Ine sindinanyadire nawo. Pachithunzi cha Ababa madontho akuda anali m'khosi, m'chifuwa, mpaka m'chiuno.

Kwathu munthu wamkulu sauzidwa zotere. Tinapangana ndi mchimwene kuti tizingoti chotupa ndi chimodzi chomwe chija, ndipo ndinabwerera ndi Ababa ku Lichinga kuti azikhala kwanga.

Inali nyengo yozizira ija, chifunga chosachoka mpaka dzuwa litakwera. Tsiku lina kutawala ndinatulutsa matiresi kukayanika, monga timachitira tonse, nkuthamangira kumsika. Chobisa chija osachikumbukira n'komwe. Pobwera ndinapeza Ababa ali pakhonde, atafunda bulangete, chithunzi chili m'manja.

"Madonthowa ndi chiyani, mwanangu?" anandifunsa.

"Ndi shuga uja anakubayani, Ababa. Nada, palibe vuto."

Anachiyang'ana nthawi yaitali, monga ankayang'anira masamba a mbatatesi mvula ikachuluka. Chala chawo chinayambira pakhosi, nkutsika pang'onopang'ono mpaka m'chiuno.

"Kumunda, dontho likakhala limodzi ndimathothola tsamba," anatero. Ine ndinachita mantha kufunsa zomwe amachita madontho akachuluka.

M'mawa mwake anaumirira kuti tikwere shapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita ku Chimbonila. Kuseri kwa nyumba yawo kuli kachipinda kamdima komwe ankasungiramo mbewu ya mbatatesi. Palibe ankaloledwa kukhudza matumba amenewo, ngakhale njala itavuta bwanji. Ndili mwana ndinawotchapo ziwiri zokha, ndipo makutu anga akukumbukirabe.

Anatsekula, fungo la dothi nkutilandira. Mbatatesi zinali zitayamba kutulutsa timaso, zikudikira munda. Ababa anamasula thumba limodzi nkundipatsa beseni.

"Tapa zodzaza, ukaphike."

"Ababa, imeneyitu ndi mbewu."

"Ndikudziwa," anayankha. "Zaka zonsezi sindinailawepo. Yotsalayo udzabzale iwe, ndikuonetsa mizere lero lomwe."

Ndinaphika, ndikulira ngati mwana. Iwo anadya ziwiri zokha, chifukwa pakhosi panali patayamba kale kukana.