Mizere Yopanda Dzina la Mutu wa Banja

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, omwe anali namwino ku Karonga Boma. Nditamaliza maphunziro a kompyuta ndinangokhala kwathu ku Ntcheu, kupalira mbatatesi, satifiketi ili gone m'sutikesi. Tsiku lina anaimba foni kuti bungwe lina likufuna munthu wodziwa Excel kwa miyezi yochepa. Sindinafunse zambiri, ndinangokwera basi.

Chaka chimenecho madzi anali atasefukira m'midzi ya ku Iponga. Bungwelo linatumiza anyamata ndi atsikana ofunsa mafunso, aliyense ndi tabuleti yake, kuti akalembe zimene khomo lililonse linataya. Mayankhowo ndiwo ankayenera kutulutsa mndandanda wa mabanja olandira malata. Ine kumudzi sindinkapitako. Malo anga anali pa tebulo la pakona, pansi pa fani yomwe inkangotembenuza mpweya wotentha womwewo.

Amene sanaionepo fayilo yochokera m'matabuleti amaganiza kuti imabwera yoyera. Ayi ndithu. Khomo lililonse limakhala ndi mzere wake, koma funso limodzi limatha kumwazikana m'makolamu ambirimbiri. Funso loti “mwataya chiyani” linali ndi kolamu ya nyumba, ya mpunga, ya chinangwa, ya nthochi, ya ng'ombe ndi ya zina, ndipo m'bokosi lililonse munali 1 kapena 0. Ine ndinkayamba ndi kukopera fayilo, chifukwa yoyambirira sakhudza. Kenako ndinkachotsa mipata yobisika kumapeto kwa mawu, n'kufufuta makomo olowa kawiri poyang'ana nambala ya khomo. Ndikatero ndinkalemba fomula yosonkhanitsa mayankho onse mu kolamu imodzi, kuti munthu azingowerenga kuti “nyumba, mpunga, nthochi”. Akafuna kuwerengera, ndinkaitembenuza fayiloyo kuti yankho lililonse likhale ndi mzere wake. Ndi ntchito yofanana ndi kusankha nyemba, maso amatopa koma manja sasiya.

Abwana anga anali a Banda, a ku Kasungu, munthu wosakweza mawu. Lamulo lawo linali limodzi: “Mzere wopanda dzina la mutu wa banja ndi khomo labodza, uchoke.” Sanali ouma mtima. Kumene anagwirako kale anapezako makomo ongopeka, ndipo nkhaniyo inatsala pang'ono kuwadyera ntchito.

Tsiku lovuta linali Lachisanu limene mndandanda unkayenera kufika ku Lilongwe anthu asanaweruke. M'mawa ndinasefa kolamu ya dzina la mutu wa banja kuti ndione mabokosi opanda kanthu. Panatuluka mizere yochuluka ndithu, yokwana kamudzi. Ndisanafufute ndinayang'ana kolamu ya woyankha. Onse anali akazi, ndipo pa ubale wawo ndi mutu wa banja panalembedwa chinthu chimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi: mkamwana, kutanthauza mkazi wa mwana wawo. Munthu wopeka makomo sapeka mwadongosolo chotero.

Ndinaitana Lusekelo, mtsogoleri wa ofunsa mafunso, yemwe kwawo ndi ku Iponga komweko. Atangoona anaseka. Anandiuza kuti m'mabanja ambiri a kumeneko mkamwana satchula dzina la apongozi ake aamuna, ena sayang'anizana nawo n'komwe, akakumana nawo panjira amapatuka. Kwathu ku Ntcheu wonjenjemera ndi apongozi amakhala mkamwini, ndipo sizifika pamenepo. Ofunsawo, pokhala ana a komweko, sanaumirize mayi aliyense. Ankadumpha funsolo n'kufunsa dzinalo kwa woyandikana naye akamaliza. Koma fomu ya m'tabuleti sinkalola kubwerera m'mbuyo, ndiye aliyense ankaliponya pamene waona mpata. Wina mu ndemanga, wina pa woyankha wachiwiri, wina pa kolamu yolongosola njira yopitira pakhomopo.

Mtima unandipsa. Ndinamufunsa ngati ankayembekeza kuti ndizilota zimenezi, iye n'kuyankha kuti sanaganize kuti pali munthu wosazidziwa. Sitinakangane nthawi yaitali, ntchito inali itatidikira.

A Banda anamvetsera mpaka kumapeto. “Phatikizani,” anatero, “koma dzina lililonse lisonyeze kumene lachokera.” Ndinatsegula makolamu awiri atsopano, ina ya dzina limene tapeza, ina ya gwero lake. Fomula yake inali yosavuta: ukapeza dzina mu kolamu yoyamba tenga, ukapeza mulibe pita pa woyankha wachiwiri. Koma ndemanga ndi njira fomula sikanazitha, chifukwa dzina linkakhala pakati pa chiganizo, monga “mudutse chigayo, pa mango awiri, kwa a uje”. Zimenezo tinazitola pamanja, ine ndikuwerenga, Lusekelo akundiuza kuti ili ndi dzina la munthu, ilo ndi la mtsinje. Nkhomaliro inatidutsa.

Dzuwa litapendeka mizere yonse inali yadzaza kupatula umodzi. Unali wa mayi wina dzina lake Tupokiwe. Pa zotayika panali nyumba, mpunga, chinangwa ndi nthochi. Ana aang'ono analipo, mwamuna wake ankagwira ntchito kutsidya kwa malire, ndipo apongozi okalambawo abale anali atawatengera kumtunda. Ndemanga munalibe kanthu, njira munangolembedwa kuti “pafupi ndi dambo”. Wofunsayo ataimbiridwa anati pakhomopo sanapezepo munthu wina wamkulu. Chimene chinalipo ndi nambala ya foni.

Ndinaimba ndekha. Mayiyo ankamva Chichewa, ngakhale ankachilankhula mochikoka. Ndinamufotokozera bwinobwino kuti malata alipo, koma popanda dzina la mwini khomo sadzalowa pa mndandanda, ndipo kuti pafoni palibe amene amumve koma ine, mlendo.

“Mama, amenewo ndi atate,” anatero. “Pakamwa panga sipangatuluke dzina lawo.”

Ndinati alilembe pa meseji. Anati kulemba n'kutchula komwe. Ndinati atchule la mwamuna wake, anatchula loyamba lokha, chifukwa lachiwirilo ndi la atate omwewo. Ndinayamba kumukalipira pang'ono, kuti akugona panja ndi ana chifukwa cha mawu awiri. Sanakwiye. Anati oyandikana naye onse anasamukira kusukulu kumene anthu ankakhala madzi ataononga, apita komweko akapeze munthu wondiuza. Anamaliza ndi “ndagha”, kuthokoza kwa kwawoko, foni n'kuduka.

Tinadikira. Tikaimba, foni yake sinkapezeka. Lusekelo anati kumeneko foni imathawira pa netiweki ya ku Tanzania ukangoyenda pang'ono. Anayesa anthu ena awiri, sanayankhe. Ndinapempha a Banda kuti tingolemba dzina la mayiyo ngati mutu wa banja. Anakana. Ku Lilongwe ankafananitsa mayina ndi kaundula wa mudzi, ndipo dzina limodzi losagwirizana likanabwezetsa mndandanda wa mudzi wonse, anthu onse n'kudikiranso mvula ikugwa. A Banda anaimba ku Lilongwe kupempha kanthawi, anapatsidwa, kanathanso. Kenako anati, “Mayi, tumizani.” Ndinadula mzere uja, kuuika pa tsamba la otsala, n'kutumiza.

Mawa lake m'mawa, ndikuchapa kwa azakhali, foni inalira. Anali bambo wina, mphunzitsi wa pasukulu ija. Anati pali mayi amene wakhala akumudikirira kuti anditchulire dzina. Analitchula momveka bwino, kawiri, ndipo anati mayiyo waima patali kuti asamve. Ndinalilemba, Lolemba n'kulilowetsa pa mndandanda wowonjezera. Malata anagawidwa motsatira mndandanda woyamba uja. Pamene kontrakiti yanga inkatha, wowonjezerawo unali usanayankhidwe, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Lero ndimagwira ntchito yomweyi kwina, ndipo ndimaphunzitsa ena. Ndimawauza kuti fayilo ikafika asayambe ndi fomula. Ayambe ndi kusefa mabokosi opanda kanthu tsiku loyamba lomwelo, ofunsa akadali kumudzi, ndipo afunse amene anapitako kuti anthuwo anakhaliranji chete. Kufunsa kumeneko sikutenga nthawi. Ife tinafunsa Lachisanu, ndipo Tupokiwe anapeza womutchulira dzina Loweruka.