Mawu Awo Analowa M'jeke

Chinali chaka cha 2023, ine ndili ndi zaka 74. Mayi a kunyumba tinali titawaika m'manda mvula yoyamba isanagwe, ndipo fodya wa chaka chimenecho ndinasoka ndi aganyu.

Mawu awo okha ndiwo anatsala. Ali moyo ankatumizira mwana wathu wamkazi mauthenga olankhula pafoni, poti kulemba kunkawavuta. Mwanayo ndi mphunzitsi ku boma. Foni yake itathyoka, zonse zimene zinalimo anazisamutsira m'kompyuta yake yakale. Yakaleyo itayamba kufooka, mnzake wina anaikopera yathunthu m'kompyuta yatsopano, moti yakaleyo inkayaka m'kati mwa inzake ngati mwana m'mimba. Akabwera kuno ku Chulu ankanditsegulira. Ndinkamvetsera uthenga umodzi, n'kunena kuti basi, tseka.

Mwezi wa Meyi anandipeza m'chigafa ndikudinda mabelo. Anakhala pa chiguduli, makinawo ali pamiyendo.

"Abambo, yadzaza iyi. Mayeso a ana akukana kulowa. Ndikufuna ndiichepetse yakale ili m'katimu."

"Uichepetsa ndi chiyani? Mpeni?"

Anaseka. "Zinyalala ndataya kale, koma malo ake sabwerera okha. Makina ayambe alemba ziro paliponse popanda kanthu, kenako afinye."

Ndinaloza jeke wodindira mabelo. "Ngati uyu?"

"Eya. Mpweya utuluka, fodya atsala."

"Amako ali m'menemo."

"Ali bwinobwino, abambo. Sindinawakhudze."

"Finya."

Jeke ndimamudziwa. Ndadinda fodya kuyambira unyamata wanga, ndipo tsamba silinasowepo m'belo langa. N'chifukwa chake ndinavomera msanga. Koma belo usanalitseke umapisa dzanja, kumva ngati zonse zili m'malo mwake. Tsiku limenelo palibe anapisa dzanja.

Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda pagalasi, pang'onopang'ono. Ine ndinabwerera ku ntchito yanga. Ndikusoka belo lachiwiri, mwanayo anaomba m'manja, nati malo abwerera ambiri kuposa mmene ankaganizira.

"Chabwino," ndinatero. "Nditsegulire amako."

Anatsegula. Zithunzi zinalipo: mayi ali kutchalitchi, mayi ali m'munda wa mtedza atagwira khasu. Anapitiriza kufufuza. Ndinaona chala chake chikubwerera pamalo amodzimodzi.

"Abambo," anatero motsitsa mawu, "panali thumba lina lopanda dzina, manambala okhaokha. Ndinayesa zinyalala."

Foni ija inali itasunga mauthenga onse m'thumba limenelo.

Anapita nayo kwa munthu wokonza makompyuta ku boma. Funso loyamba la munthuyo linali lakuti, kodi ziro analembedwa? Atamva kuti inde, anabweza makinawo osawatsegula. Akuti chinthu ukangotaya chimakhala ngati chimanga chotayikira pansi, umagwada n'kutola. Koma ziro akadutsapo, palibe chotola.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Aphunzitsi anatiuza kuti ziro ndi kupanda kanthu. Sanatiuze kuti amakwirira.

Mwanayo atabweranso anafikira kugwada pakhomo, mwana wamkulu, mphunzitsi wathunthu.

"Abambo, ndikalipireni. Musangokhala chete."

"Dzuka, udetsa chitenje. Anati finya ndani?"

Sanadzuke. Ndinamusiya alire, poti nayenso ndi amake. Kenako ndinamutuma akatunge madzi.

Masiku ano ndikakhala m'chigafa ndimayesa kuwakumbukira mawu aja. Zimene ankanena ndikuzidziwa zonse, sizinali zazikulu. Chimene chikundithawa ndi kamvekedwe kake. Nthawi zina ndimawamva akubwera, koma akafika amakhala mawu a mlamu wanga, kapena a mwanayu. Zithunzi sindiziyang'ana. Munthu amene ndinakhala naye sankakhala chete chomwecho.

Mauthengawo analipo khumi ndi atatu. Asanu ndi awiri anali ofunsa za zidzukulu, atatu a mankhwala a miyendo, awiri odandaula za mtengo wa feteleza. Potumiza wotsalawo anaiwala kuzimitsa foni. Munkamveka iwo akusoka fodya, akuimba chapansipansi, kenako n'kukuwa kuti, "Bambo inu, mbuzi zalowa m'munda!" Ndipo patali munkamveka ine ndikuyankha kuti ndamva.