Mlembi Wosenza Malamulo Pamutu

Mlembi wa khonsolo amamutopetsa Casilda kuposa udzudzu wa kumtsinje wa Magdalena. Mkuluyu amakhala khomo loyandikana ndi lake, amamwa koko wothira tchizi nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo chichokereni asilikali a ku Sipeini zaka zitatu zapitazo sanasinthepo ngakhale chipewa. M'nthawi ya atsamunda, lamulo la mfumu ya ku Sipeini likabwera pa chombo, mwambo unali kulipsompsona, kuliika pamutu, n'kunena kuti, "Ndamvera, koma sindichita." Kenako linkalowa m'kabati. Mlembiyu mwambowo anaugwiritsitsa.

Lolemba lapitali kunafika malamulo oyendetsera dziko latsopanoli. Casilda anathamangira ku ofesi, poti mwamuna wake Baltasar akadali m'ndende chifukwa cholavulira chithunzi cha mfumu, ndipo anthu akuti malamulowo akuletsa kutsekera munthu osamuzenga mlandu.

Anapeza mkuluyo ali chilili, pepala la malamulowo lili pamutu.

"Achikulire, tsitsani pepalalo muwerenge," anatero Casilda. "Limenelo si la mfumu ayi. Talemba ndife eni dziko, ndipo ana athu anafera lomwelo."

"Ndamvera, mayi."

"Ndiye katseguleni ndende."

"Koma sindichita. Anamutsekera ndi mfumu, imumasulenso mfumu yomweyo."

"Mfumu yake iti? Si tinaithamangitsa?"

"Vuto lake ndi limenelo," anatero mkuluyo uku akutsegula kabati. Anasuntha mapepala akale a mafumu, n'kuika latsopanolo pamwamba mosamala. "Musadandaule, mayi. Muno mwagona mafumu atatu. Dziko lanulo nalonso likwanamo."