Sikisi Rumu ya Atate

Kwathu ku Kwacha, mu Kitwe, nyumba sitinkaiyesa ndi tepi. Tinkawerenga zipinda. Wa fo rumu ankavulira chipewa wa sikisi rumu, ngakhale zipindazo zikhale zoti ukagona mapazi amatulukira pakhomo.

Atate atapuma ntchito ya kumgodi anaganiza zogulitsa fo rumu yathu kuti abwerere kwawo ku Katete. Atamva kuti kubwera munthu wodzaika mtengo pa nyumbayo, nzeru zinawabwerera: adule pabalaza pakati, adulenso chipinda cha ife ana, nyumba ikwere kufika pa sikisi.

Koma pabalazapo ndi pamene panali ulemu wonse wa amayi. Azimayi a chitente, kagulu ka Akatolika a m'dera lathu, ankasonkhana pamenepo kupemphera kolona, chifukwa panali potakasuka kuposa pa anzawo onse. Amayi ankapukuta simentiyo ndi polishi wofiira mpaka kumadzionerapo nkhope.

"Inu abambo, nanga anzanga azikhala pati?" anafunsa amayi.

"Mulungu amamva ngakhale panja," anayankha atate, uku akulozera womanga podzera khoma.

Khomalo linakwera. Sofa inatsala mbali ina, tebulo mbali ina. Atate ankayendayenda m'timakola tawoto manja ali kumbuyo, akuuza aliyense wodutsa kuti tsopano ndife a sikisi rumu.

Woika mtengo uja anali mayi wa ku ofesi ina ya m'tauni. Atate anamulandira atavala jekete, kukamwa kuli mwee, okonzeka kumuwerengera zitseko. Iye anangotulutsa tepi n'kuzungulira nyumba kunja, m'litali ndi m'lifupi. Atalowa mkati anayenda chammbali ngati nkhanu, nasuzumira uku ndi uko.

"Ba tata, mukwai, ife tipima masikweya mita," anatero, akusakaniza ndi mawu aulemu a chilankhulo cha ku Kitwe. "Nyumba ni imene ija, simunaikuze. Ndiponso ogula afuna sitingi rumu yaikulu. Apa mtengo watsikako."

"Ndiye zipinda simuwerenga?"

"Awe, mukwai," anakana mayiyo.

Atate anati mayiyo sukulu inamuwononga mutu. Kugulitsa anakana, ku Katete sanapitenso, ndipo khoma anakana kuligwetsa, poti kutero kukanakhala kuvomera. Chitente chinasamukira kwa mayi wina wa kuseri kwathu. Amayi ankapita kumeneko atanyamula mpasa, n'kukakhala pafupi ndi chitseko ngati mlendo. Sanadandaule pamaso pathu, koma polishi analeka kugula, ndipo ine zimenezo zinkandiwawa.

Atate atamwalira, azimayi anadzaza pakhomo kudzakhuza maliro. Mwa mwambo, iwo amakhala m'nyumba pamodzi ndi wamasiye, amuna panja. Tinatulutsa mipando, koma ena anapanikizana mbali iyi ya khoma, ena mbali inayo, ambiri n'kutsalira pakhonde. Nyimbo imodzi inkaimbidwa pawiri: uku akumaliza ndime, uko akuyamba kumene.

Amayi anapirira nyimbo zingapo. Kenaka anaitana malume, mlongo wawo.

"Achimwene, kabwerekeni hamala mugwetse ichi."

"Lero, pamaliro?"

"Lero. Anthu obwera kudzalira amuna anga sangakwane mu sikisi rumu."

Azimayi anayamba atuluka, khoma linagwa, tinasesa fumbi, ndipo onse analowa n'kukwana bwinobwino. Maliro atatha amayi anagulanso polishi. Pomwe panali khoma panatsala mzere wa simenti yokhakhala, ndipo mpaka lero sugwira polishi. Amayi amaupukutabe.